Wayenda, Koma Kodi Wachira?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malombe, kuchira kwa munthu kumayesedwa ndi miyendo. Wodwala akadzuka pamphasa, nayenda yekha kupita kuseli, nadya nsima ndi dzanja lake, mitima ya abale imakhala pansi ndipo onse amati matenda atha. Pa nthenda zambiri muyeso umenewu ndi woona. Koma ilipo nthenda ina imene imanyenga maso a abale, nthawi zina ndi a ogwira ntchito m'chipatala omwe, chifukwa imabweza miyendo ndi manja koma nkusiya bala m'nzeru za munthu. Nthendayi ndiyo kuphulika kwa mtsempha wa magazi m'mutu.

Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere. Mayi wa zaka za m'ma 40, wodziwika pa dooko chifukwa cha kuchenjera kwake pogula usipa, tsiku lina akuyanika nsomba pathandala amangomva mutu kuwawa mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga. Amasanza, khosi limauma, kenaka amakomoka. Abale amathamangira naye kuchipatala, ndipo mwa mwayi amapulumuka. Patapita milungu ingapo amabwerera kumudzi akuyenda yekha, akulankhula bwinobwino, nkhope yosapotoka. Koma miyezi ikamapita zinthu zimayamba kuoneka. Mayi amene ankawerengera zidebe za usipa pamtima tsopano akulephera kubweza chenje. Waiwala amene adamkongoza ndalama. Wasiya ndiwo pamoto mpaka zapserera. Akupsa mtima ndi ana pa kanthu kakang'ono, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo watopa kale. Apongozi akuti ndi ulesi, mwamuna akuti ndi mwano, anansi akunong'onezana za ufiti. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akukumbukira mutu uja.

Mayi wotereyu si waulesi, si wamwano, ndipo sanalodzedwe. Ndi wodwala amene kuchira kwake kudakali m'njira. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kunja thupi labwerera mwakale, koma m'kati ntchito yochira idakalipo yambiri, ndipo munthuyo ayenera kusamalidwa monga asamalidwira amene wafa mwendo kapena mkono.

Chimene chimachitika m'mutu

Kunsi kwa ubongo kuli mitsempha ikuluikulu imene imalumikizana ngati mkombero, ndipo ndiyo imagawa magazi ku mbali zonse za ubongo. Mwa anthu ena, pamalo pamene mtsempha wachita mphanda, khoma lake limafooka nkuyamba kutupa, monga chimachitira chubu cha njinga chikapyapyala malo amodzi. Madokotala amatcha chotupa chimenechi kuti aneurysm. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adaonetsa kuti anthu akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 alionse ali nacho, ndipo ochuluka amakalamba mpaka kumwalira ndi matenda ena osadziwa nkomwe kuti adali nacho. Choopsa chimabwera pamene chotupacho chaphulika. Magazi amakhuthukira m'mpata umene uli pakati pa ubongo ndi nembanemba yake, momwe mumayenera kuyenda madzi oyera okha.

Nthendayi ndi mtundu umodzi wa sitiroko, imene ambiri amaitcha matenda a kufa ziwalo. Mwa odwala sitiroko 100, pafupifupi 5 okha ndiwo amadwala mtundu umenewu. Koma umasiyana ndi mitundu ina pa zinthu ziwiri. Choyamba, umakonda kugwira anthu a msinkhu wogwira ntchito, a zaka za m'ma 40 ndi 50, amayi kuposa abambo, anthu amene mabanja akuwadalira. Chachiwiri, ndi waukali: wodwala pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amamwalira, ndipo ena amatsirizika asanafike nkuchipatala komwe.

Chizindikiro chake chachikulu ndi mutu wowawa koopsa umene umafika pachimake m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi, mutu umene wodwalayo sadaumvepo chibadwire. Pamwamba pake pamabwera kusanza, kuuma khosi, kudana ndi kuwala, kusokonezeka, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Kuno kunyanja mutu uliwonse umatchedwa malungo, ndipo nchapafupi kugula mankhwala pa okala nkugona kudikira kuti kuche. Apa ndipo pagona ngozi. Chotupa chimene chaphulika kamodzi chikhoza kuphulikanso, makamaka m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo kachiwiriko kamapha koposa. Munthu wotere asapatsidwe aspirin, pakuti amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Atengeredwe msanga ku chipatala chapafupi, kaya ndi ku Monkey Bay, ku Malindi, ku Namwera kapena pa Boma pa Mangochi, ndipo abale afotokoze momveka kuti mutuwo udayamba mwadzidzidzi. Madokotala akapempha kutenga madzi a pamsana, abale asakane: madzi amenewo ndiwo amathandiza kusiyanitsa magazi otayika ndi matenda oumitsa khosi, amene mankhwala ake ndi ena.

Ulendo wa akatswiri ofufuza

Kwa zaka zambiri funso la madokotala lidali limodzi lokha: kodi wodwalayu apulumuka? M'chaka cha 1937 dokotala Walter Dandy wa ku Baltimore, m'dziko la America, adatsegula mutu wa wodwala napana khosi la chotupa ndi kachitsulo kakang'ono kuti magazi asalowemonso. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. M'chaka cha 1989 kafukufuku wa ku Britain adatsimikiza kuti mankhwala otchedwa nimodipine amachepetsa kuonongeka kwa ubongo kumene kumadza pakati pa tsiku la 4 ndi la 14, pamene mitsempha imafinyika chifukwa cha magazi otayika aja. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku Italy, Guido Guglielmi, akugwira ntchito ku Los Angeles, adapeza njira yotsekera chotupa osatsegula mutu: kachubu kakang'ono kamalowetsedwa mumtsempha wa m'ntchafu mpaka kukafika m'mutu, ndipo chotupacho chimadzazidwa ndi timawaya tofewa. M'chaka cha 2002 kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Oxford, amene adatsata odwala 2,143, adaonetsa kuti kwa odwala oyenera njira zonse ziwiri, njira ya timawaya imapulumutsa ambiri ku imfa ndi kulumala.

Koma pamene opulumuka ankachuluka, funso lina lidayamba kumveka. M'chaka cha 1985 madokotala a ku Lund, m'dziko la Sweden, adaitananso odwala amene adalembedwa m'mabuku kuti achira bwino. Atawayesa nzeru mofatsa adapeza kuti ambiri mwa iwo ankavutika kukumbukira, kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kubwerera ku moyo wao wakale. Zotsatira za kafukufuku wa ku Oxford uja zimene zidatuluka m'chaka cha 2010 zidanena zofanana: mwa opulumuka amene adalibe chilema chooneka, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la nzeru patatha chaka chathunthu.

Kuyambira pamenepo maso a ofufuza atembenukira ku mbali zitatu. Mbali yoyamba ndiyo kufunafuna chimene chimaononga ubongo. Kale mlandu wonse unkaikidwa pa kufinyika kwa mitsempha, koma mankhwala ena amene adakwanitsa kuchepetsa kufinyikako sadasinthe kwenikweni kachiridwe ka odwala. Nchifukwa chake tsopano akatswiri akuyang'ana kwambiri masiku atatu oyambirira: kupanikizika kwa ubongo pamene mtsempha wangophulika, kutupa kwake, timitsempha ting'onoting'ono timene timatsekeka, ndiponso poizoni wochokera m'magazi amene akuphwanyika pamalo osayenera. Mbali yachiwiri ndiyo kupeza njira zachidule zoyesera nzeru za wodwala asanatuluke m'chipatala ndi pamene wabweranso kudzaonedwa. Mbali yachitatu ndiyo moyo wa munthuyo akabwerera kwao: kutopa kosatha, kukhumudwa, mantha, kusowa tulo, ndi kulephera kuyambanso ntchito. Malangizo a madokotala a mtima ndi sitiroko a ku America a m'chaka cha 2023 akuti opulumuka aziyesedwa nzeru ndi maganizo, osati ziwalo zokha.

Phunziro limeneli si lachilendo m'Malawi muno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza adatsata ana amene adapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo m'chaka cha 2010 adalengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adatsala ndi khunyu, kusintha kwa khalidwe kapena chilema china chimene chidaoneka pambuyo pake. Nthenda ndi zosiyana, koma chiphunzitso ndi chimodzi: ubongo umene wavulala suchira pa tsiku limene wodwala watuluka m'chipatala.

Bala losaoneka

Mavuto amene amatsalira opulumuka ali ndi maonekedwe ake. Loyamba ndi kuiwala, makamaka zinthu zatsopano. Munthu akhoza kufotokoza bwino za ukwati wake wa zaka 20 zapitazo, koma osakumbukira amene adamchezera m'mawa. Lachiwiri ndi kulephera kulongosola ntchito. Msodzi amene ankadziwa kukonza ulendo wa chilimira, kuwerengera mafuta a injini ndi kugawa ndalama kwa anyamata ake, amapezeka wayamba ichi nasiya, wayamba icho nasiya. Lachitatu ndi kuchedwa kuganiza ndi kusowa mau, moti pagulu munthu amangokhala chete ngati wanyada. Lachinayi ndi kusintha kwa khalidwe. Chotupa chikaphulika pa mtsempha wa kutsogolo kwa ubongo, kumene kumakhala mphamvu yodziletsa, munthu wofatsa akhoza kusanduka waukali kapena wolankhula zosayenera pamaso pa apongozi, ndipo wakhama akhoza kusanduka wosalabadira kanthu. Ena amadzaza mipata ya zimene aiwala ndi nkhani zimene sizidachitike, osati pofuna kunama, koma chifukwa ubongo wao ukuwauza kuti ndi zoona.

Pali vuto limodzi limene abale ayenera kulidziwa bwino chifukwa lili ndi chithandizo. Magazi otayika aja nthawi zina amatseka njira za madzi a m'mutu, ndipo madziwo amayamba kuchuluka pang'onopang'ono. Wodwala amene ankaoneka kuti akupeza bwino amayamba kubwerera m'mbuyo: kusokonezeka kumakula, amayenda mokoka miyendo, amadzikodzera. Zimenezi si ukalamba ndipo si misala. Madokotala a opaleshoni amatha kuika kachubu kochotsa madziwo, ndipo ambiri amapepukidwa. Wodwala wotere abwerere kuchipatala mosazengereza.

Muyeso woyenera anthu a kuno

Pafupifupi zonse zimene zikudziwika za nthendayi zachokera ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Apa pali mpata umene ofufuza a m'dziko lino ayenera kuutseka. Mayeso a nzeru amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lonse adakonzedwa ku Montreal, m'dziko la Canada, ndi dokotala Ziad Nasreddine. Amatenga mphindi ngati 10 ndipo malikisi ake onse ndi 30. Wodwala amapemphedwa kujambula wotchi, kulumikiza manambala ndi malembo, ndi kutchula maina a nyama zitatu za pachithunzi, mkango, chipembere ndi ngamila. Kwa mphunzitsi wa ku Mpondasi mayeso otere ndi abwino. Nanga kwa gogo wa ku Nankumba amene sadagwirepo pensulo, amene amadziwa nthawi poyang'ana dzuwa, amene chilankhulo chake ndi Chiyao? Akhoza kulephera mayeso ali bwinobwino, ndipo kulepherako sikunganene kanthu za matenda ake.

Anzathu a ku Tanzania adaliona vutoli. M'boma la Hai, pafupi ndi phiri la Kilimanjaro, ofufuza adakonza mayeso a okalamba osafuna kulemba kapena kuwerenga: munthu amatchula nyama zimene akuzidziwa, amakumbukira mau amene wauzidwa, ndipo amayala timitengo ta machesi motsanzira chimene waonetsedwa. Ntchito yotere ndi yotheka kunonso, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu, imene kale inkatchedwa College of Medicine, ili ndi nthambi yake ku Mangochi konkuno, ndipo anthu a ku Lungwena akhala akuthandiza pa kafukufuku wa zaumoyo kwa zaka zambiri. Nkoyenera kuti nzeru za opulumuka sitiroko zikhale m'gulu la zinthu zofufuzidwa.

Kodi nkhaniyi ndi yoyenera kutayirapo nthawi?

Ena adzati boma la Mangochi lili ndi mavuto aakulu kuposa amenewa: malungo, likodzo, imfa za amayi oyembekezera, ndi kolera imene idasautsa midzi ya m'mbali mwa nyanja m'zaka za 2022 ndi 2023. Adzawonjeza kuti makina ojambula m'kati mwa mutu ndi madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kutali ndi mudzi wa msodzi. Mau amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti ndalama za masikito zipite ku timawaya ta m'mutu.

Komabe pali mayankho atatu. Loyamba ndi la chiwerengero. Padziko lonse nthendayi imagwira anthu pakati pa 6 ndi 10 mwa 100,000 alionse pachaka. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 1,100,000 m'boma la Mangochi. Ngakhale ambiri mwa iwo ndi ana, powerengera motere boma lino silingalephere kukhala ndi odwala makumi angapo chaka chilichonse, ndipo aliyense wa iwo ali ndi banja pambuyo pake. Lachiwiri ndi lakuti mavuto a nzeru omwewa amatsalira opulumuka mitundu ina yonse ya sitiroko, ovulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto za kabaza, ndi odwala matenda oumitsa khosi. Chimene banja laphunzira pa nthenda imodzi chidzathandiza pa zonsezo. Lachitatu ndi lakuti chisamaliro chimene chikufunika pano sichilira makina. Chimalira kudziwa, kuleza mtima, ndi funso limodzi lowonjezera pa tsiku la sikelo: kodi chitulukire m'chipatala, wodwalayu akukumbukira ndi kuganiza monga kale?

Ntchito ya banja ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Kuchira kwa ubongo kumafulumira m'miyezi yoyambirira ndipo kumapitirira pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo, koma kumadalira kwambiri anthu ozungulira wodwalayo. Zinthu za m'nyumba zikhale ndi malo ake osasintha, ndipo tsiku likhale ndi dongosolo lake lodziwika. Wodwala auzidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, m'mau achidule, pamalo opanda phokoso. Amene amadziwa kulemba akhale ndi kabuku kolembamo ngongole, masiku a chipatala ndi nthawi ya mankhwala; amene sadziwa, mwana wa sukulu amlembere. Apatsidwe nthawi yopuma masana popanda kumtonza. Ntchito aziyambiranso pang'onopang'ono, zopepuka poyamba, ali ndi womuyang'anira. Msodzi asalowe yekha m'bwato, mayi asasiyidwe yekha pamoto kapena padooko, makamaka ngati adagwapo khunyu. Komanso asamlande ntchito zonse ngati mwana, pakuti ubongo umalimba pogwira ntchito monga umachitira mkono.

Wodwala akakwiya kapena akanena zimene sizidachitike, kukangana naye sikupindula kanthu. Nkwabwino kumtembenuzira ku nkhani ina mtima ukhale pansi. Akayamba kudzipatula, kulira kawirikawiri kapena kulankhula zofuna kufa, abale adziwitse a chipatala msanga, chifukwa kukhumudwa kotere kuli ndi chithandizo. Osamalira odwala nawonso amatopa, ndipo ndi udindo wa mbumba yonse kulandizana. Mafumu, mashehe, abusa ndi alangizi a zaumoyo ali ndi gawo lalikulu: pamene iwo anena poyera kuti uyu ndi wodwala, osati wolodzedwa kapena wolodza, miseche imatha ndipo maukwati ena amapulumuka. Chuma chimene chikanathera kwa asing'anga posaka mfiti chikhoza kugulira wodwalayo chakudya ndi kumlipirira ulendo wa kuchipatala.

Kutseka mpanda mbuzi zisanalowe

Madzi akatayika saoleka. Zinthu zitatu zimene zimafooketsa mitsempha ya m'mutu kuposa zonse ndi kuthamanga kwa magazi, fodya ndi kumwa mowa mwauchidakwa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse m'chaka cha 2009 adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankalandira mankhwala. Vutoli silipweteka, nchifukwa chake ambiri amalidziwa tsiku limene lawagwetsa. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa, ndipo munthu wamkulu aliyense amene wabwera kuchipatala, ngakhale wangoperekeza mwana, ali ndi chifukwa chopemphera kuti amuyeze. Amene wapatsidwa mankhwala azimwa tsiku ndi tsiku, osaleka poona kuti thupi likupeza bwino.

Mchere wonse wa munthu mmodzi pa tsiku usapitirire magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'nsomba zothira mchere. Za fodya umboni ndi woonekeratu: ku Finland, pamene osuta ankachepa, nthenda ya kuphulika kwa mitsempha ya m'mutu idachepanso. Ndudu imene msodzi amasuta usiku panyanja kuti athamangitse tulo ndi mphepo ikudya mtsempha umene banja lake lonse likudalira. Ndipo ngati abale awiri a bere limodzi adadwalapo nthendayi, otsalawo auze dokotala ndi kusamala koposa.

Chipatala chikatulutsa wodwala, chachita mbali yake yoyamba. Mbali yotsala ili m'manja mwa mwamuna kapena mkazi wake, ana, apongozi, anansi ndi wa zaumoyo amene amayendera mudziwo. Mayi wa usipa uja akhoza kubwereranso padooko, mwina ali ndi mwana wake womwerengera ndalama, mwina akugula zidebe zochepa kuposa kale. Chimene chingamlepheretse kwambiri si magazi amene adatayika m'mutu mwake tsiku lija, koma kutonzedwa ndi anthu amene sadamvetse chimene chidamchitikira. Tsiku limene wodwala wayenda yekha ndi tsiku lothokoza, koma si tsiku loleka kumsamala.